Oyilo Wodontha M'chigwa

Uthenga unafika pagalaja m'mamawa, makaniko asanatsegule n'komwe bokosi la zitsulo. Mlongo wake, amene anali ndi pakati potopa, anali atayamba kutaya magazi kumsasa wa ocheka matabwa, kutsidya kwa chigwa ndi mtsinje. Wobweretsa uthengawo anali mwamuna wa mlongoyo, dalaivala wa kumsasako, amene anthu ankangomutcha Phuma. Iye anali atabwera m'tauni dzulo lake kudzagula katundu, foni n'kumupeza komweko.

Awiriwa sankamwerana madzi. Makaniko anakana ukwatiwo kuyambira pachiyambi, ndipo Phuma sanaiwale.

"Munthu wa pakati kukamusiya kutchire nyengo ya mvula, nzeru zimenezo, alamu?" anatero makaniko.

"Sindinabwerere milandu, alamu. Mupita kapena simupita?"

Makaniko anaponya m'galimoto imene Phuma anabwera nayo, yokoka ndi matayala onse anayi, jeki, masipanala, nyundo, girizi ndi ekiselo yakale, chitsulo chozunguza tayala, imene inali pakona. Anatenganso silo imodzi yatsopano, kamphira kozungulira kamene kamatchinga oyilo pamene ekiselo imalowera mu difu, bokosi la magiya ozunguza matayala. Anadzera kuchipatala kukatenga namwino, mayi wamkulu wosaseka ndi munthu, ndipo ananyamuka.

Phula linatha, fumbi linatha, kunatsala kanjira ka matayala awiri m'kati mwa udzu wotalika kuposa galimoto. Kumapiri kumene mtsinje umachokera kunali kutada bii. Phuma ankaponda moto ngati galimotoyo ndi ya mdani wake.

"Chepetsani, muthyola zinthu," anatero makaniko.

"Mkazi ndi wanga."

"Asanakhale wanu anali wa kwathu."

"Nonse mutseke pakamwa," anatero namwino ali kumbuyo, atakumbatira chikwama cha mankhwala.

Sanapite patali. Tayala lakutsogolo lakumanja linagwera m'dzenje limene njovu inaponda matope ali ofewa, ndipo pansi panamveka kuti phwa! Makaniko anasuzumira. Ekiselo inali itathyoka, ndipo pothyokapo inang'amba silo, oyilo wakuda akutsika ndi chitsulo.

"Tipite ndi matayala akumbuyo okha," anatero Phuma.

"Mchenga wa mumtsinje uja muwoloka ndi akumbuyo okha? Kwezani jeki."

Anachotsa tayala, kumasula nati yaikulu ya pakati, n'kusolola ekiselo yothyokayo. Makaniko anatokosa silo yakale ndi sikuludiraiva mpaka inatuluka. Anapukuta malowo, kupaka yatsopanoyo oyilo m'mphepete, kuyisanjikiza yakale pamwamba, n'kumagogoda pang'onopang'ono mozungulira mpaka inakhala bwino. Ntchentche zoluma zinali zitawapeza. Namwino ankangoyang'ana kumapiri, kumene mphezi zinali zitayamba.

Kenako makaniko anapaka girizi mano a ekiselo ina ija, n'kuilowetsa mowongoka, akuitembenuza pang'ono. Inalowa theka n'kuima. Anaitulutsa, kukonza kawaya ka kunsonga kwake, kuyesanso. Inaimanso.

"Imenyeni ndi nyundo," anatero Phuma.

"Ikapendama mano ake adula silo, ndipo silo ndi yomweyi. Imalowa yokha ikafuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Miyambi yanuyo mukaimbire mlongo wanu kumanda!"

Makaniko anadzuka sipanala ili m'manja, ndipo mwina pakanagwa zina, koma namwino anakuwa. Njati yamphongo, yokalamba, yokhayokha, inali itatuluka m'udzu kumbuyo kwa galimoto, ikupukusa mutu. Namwino anali pakati pa iyo ndi chitseko. Makaniko anatola chigubu chopanda kanthu, n'kumachimenya ndi sipanala uku akusendera chammbali kuti chilombocho chitsate iye. Njatiyo inapalasa pansi, inamuthamangira pang'ono, kenako inatembenuka n'kulowa m'bango ikufwenthera.

Ali m'kati mobwerera anamva kulira kwa nyundo pansi pa galimoto.

Anapeza Phuma akupukuta manja, ekiselo italowa yonse.

"Yalowatu. Inu mukanagona pano mukuinyengerera ngati mkazi wonyanyala."

Makaniko anagwada, kupisa chala pamene ekiselo yalowera, n'kuchitulutsa chili nyezinyezi. Dontho lina linagwera pa udzu iwo akuona.

Makaniko anamugwira Phuma pakhosi n'kumukanikizira pachitseko. "Mwaidula! Galu inu, mwaidula!"

"Ndisiyeni! Galimoto iyenda kapena siyenda?"

"Iyenda mpaka oyilo atathe. Tikalowa mumtsinje madzi alowa momwe oyilo akutulukiramo. Mukudziwa chimene madzi amachita mu difu?"

"Mukaphana mukafika," anatero namwino. "Mayi uja akutaya magazi, inu mukulira oyilo. Mangani tayala."

Anamanga. Makaniko anathira mu difu oyilo wa injini amene anali naye, poti wina panalibe. Ananyamukanso.

Mtsinje anaupeza uli m'maondo, madzi ofiira, zinyalala zikuyandama. Anawoloka. Kumsasa anapeza mlongo wa makaniko uja atagona pamatumba, milomo itayera, akazi awiri akumukupiza. Namwino anamubaya jakisoni, kumuika diripi, n'kunena kuti akapanda kufika kuchipatala dzuwa lisanalowe, atayika onse awiri, mayi ndi mwana. Makaniko anafunsa ocheka matabwa ngati ali ndi oyilo wa difu. Analibe. Iye anamasula kanati ka pansi pa difu n'kuona zimene zinatuluka: oyilo anali atasakanikirana ndi madzi, wotuwa ngati phala la madzi.

"Achimwene, tifika?" anafunsa mlongo wake ndi mawu otsika.

"Tifika, iwe gona."

Pobwerera, mayiyo atamugoneka kumbuyo, difu inayamba kulira asanafike n'komwe kumtsinje, poyamba ngati udzudzu, kenako ngati chigayo. Mvula inawapeza m'njira. Mtsinje unali utakwera kufika m'chiuno ndipo unkabangula.

"Giya yotsika, osaponda kwambiri, osaima," anatero makaniko. Ulendo uno Phuma anamvera.

Anadutsa pakati. Gombe linali pafupi, mitengo ikuoneka makungwa. Pamenepo pansi panagunda kawiri, galimoto inanjenjemera, matayala akutsogolo n'kuleka kukoka. Akumbuyo anazungulira n'kudzikumbira mumchenga. Madzi anayamba kulowa pansi pa zitseko.

"Winchi," anatero makaniko, akuloza makina okokera chingwe a kutsogolo kwa galimoto. "Wina akakole chingwe pamtengo uwo injini isanazime. Gwirani chiwongolero, ndipita ine."

"Inu simudziwa kusambira," anatero Phuma, akuvula nsapato. "Khalani pamakina anuwo."

Anatembenuka kuyang'ana mkazi wake, koma iye anali atatsinzina. Anatuluka pawindo, kutsetserekera kutsogolo, kugwira ngowe ya chingwe n'kulowa m'madzi. Makaniko ankamasula chingwe, Phuma akupita chammbali ngati nkhanu, madzi ali m'chifuwa. Anagwa, anadzuka. Anafika pamtengo wa m'mphepete umene mizu yake inali kale m'madzi, kuzunguliza chingwe, kukola ngowe, n'kukweza dzanja.

Makaniko anayatsa winchi. Chingwe chinalimba, galimoto inasuntha.

Chimtengo chachikulu chinatulukira kumtunda chikugubuduzika ndi nthambi zake. Namwino ndiye anachiona poyamba, koma mawu ake anamezedwa ndi mtsinje. Chinaphonya galimoto, n'kukamenya patsinde pa mtengo pamene Phuma anaima. Chitadutsa, chingwe chinali chikadali pamtengo. Munthu panalibe.

Galimoto itakwera pagombe, makaniko anathamanga m'mphepete mwa mtsinje akuitana, "Alamu! Alamu!" Minga inamung'amba miyendo. Sanaone ngakhale malaya. Namwino anaimba hutala mosalekeza mpaka iye anabwerera.

"Amene wapita wapita," anatero namwino, misozi ili m'masaya. "Awa akadali moyo. Yendetsani."

Makaniko anasolola maekiselo onse akutsogolo kuti difu yakufayo isagwire matayala, n'kuyendetsa ndi akumbuyo okha, akulira ngati mwana njira yonse. Anafika dzuwa lili pafupi kulowa. Mayiyo anapulumuka, ndipo mwana anabadwa wamoyo, wamkazi. Thupi la Phuma ocheka matabwa analipeza patapita masiku, litakodwa m'bango.

Maliro atatha, makaniko anapita kukaona mlongo wake, amene anali akadali m'chipatala. Namwino uja anali pomwepo akusintha diripi. Mlongoyo anali atamva kale kwa anthu kuti galimoto inafera m'madzi chifukwa cha silo yodulidwa.

"Achimwene, mundiuze zoona," anatero, khanda lili pachifuwa. "Galimoto munakonza ndinu. Silo imeneyo anaidula ndani?"

Namwino anasiya zimene ankachita. Makaniko anayang'ana khandalo, limene tsiku lina lidzafunse kuti bambo ake anafa bwanji. Anayang'ananso namwino, ndipo namwino anaweramitsa mutu.

"Ndine," anatero makaniko. "Ndinaimenya ndi nyundo. Ndinali ndi changu."

Mlongo wake anamuyang'ana maso ali gwa.

"Mwamuna wanga munkamuda kuyambira kale," anatero. "Tulukani. Mwanayu musadzamugwire."

Makaniko anatola chipewa chake n'kutuluka.