Nesta ndi Mizere Yobisika M'khoma

Nesta anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuonetsa anzake ntchito ya abambo ake. Koma ntchito ya abambo ake inali yosanyamulika.

Nkhani yonse inayambira m'kalasi.

"Lachisanu aliyense abweretse chinthu," anatero aphunzitsi. "Chikhale chopangidwa ndi manja a munthu wa kwanu."

"Ine ndibweretsa kabwato!" anakuwa Osian. "Anasema agogo anga. Kamayandama ndithu!"

"Ine ndibweretsa juzi," anatero Mali. "Analuka amayi anga."



Abambo a Nesta amapaka pulasitala. Amapaka makoma a nyumba. Amapaka makoma a masitolo. Chaka chatha anapakanso makoma a sukulu yathu. Akapaka khoma, limasalala ngati mbale.

Osian si mwana woipa ayi. Koma pakamwa pake sipatopa.

"Nanga iwe Nesta, ubweretsa chiyani?" anafunsa Osian. "Khoma? Ulilowetsa bwanji m'basi?"

Ana onse anaseka. Nesta sanaseke. Mtima unamuwawa kwambiri.

Kwathu kuno ku Caerleon mvula sichita kuitanidwa. Imabwera yokha, ndipo sifulumira kupita. Chinyontho chinali chitaononga makoma a chipinda cha Nesta. Tsono abambo ake ankawakonza.

Nesta atafika kunyumba anawapeza pantchito. Tsitsi lawo linali mbuu! Nsapato zawo zinali mbuu! Ngakhale nsidze zawo zinali mbuu!

Anali atapaka khoma limodzi. Pulasitala anali akadali wofewa. Kenaka anatenga chipeso chachitsulo. Chipeso chimenechi si cha tsitsi. Ndi cha khoma.

Anayamba kupesa khoma lija.

Kukwera, kutsika.

Kukwera, kutsika.

Pakhoma panatuluka mizere yokhotakhota. Inali ngati mafunde a mumtsinje.

"Ababa, kukongola kwake!" anatero Nesta. "Musaifafanize! Ndikufuna anzanga adzaione."

Abambo ake anangomwetulira. Anali ataluma pensulo pakamwa.

M'mawa mwake Nesta anapita kusukulu mosangalala. Madzulo anabwerera chothamanga. Analowa m'chipinda muja. Anayang'ana pakhoma.

Mizere ija panalibe.

Khoma linali losalala. Abambo ake anali atapaka pulasitala wina pamwamba.

"Ababa! Mwaikwirira!" analira Nesta. "Mwaikwirira yonse!"

Abambo ake ananjuta. Anamupukuta misozi ndi chala, ndipo tsaya la Nesta linayera mbuu.

"Pepa mwanawe," anatero. "Mizere ija si yoonera. Ndi yogwirira."

"Yogwirira chiyani?"

"Pulasitala wachiwiri amafuna pogwira. Popanda mizere, angagwe pansi."

"Ndiye palibe amene adzaione?"

"Palibe."

"Ndiye mumavutikiranji kuikongoletsa?"

Abambo ake anakanda kumutu. "Dzanja langa linazolowera choncho," anatero.

Nesta sanakhutire. Anatuluka panja atakwinya nkhope.

Amayi ake anali kumunda wa kuseri kwa nyumba. Nawonso anali atakwiya. Mfuko inali itafukula dothi pakati pa mbatatesi zawo.

"Mfuko iyi itimaliza," anatero amayi. "Imalima ngati munda ndi wake!"

Nesta anamenya mulu wa dothi ndi phazi. Phazi linagunda chinthu cholimba. Gu!

"Mayo chala changa!"

Nesta anawerama. Anatola chinthu chija. Linali phale lofiira. Linakwana bwino m'dzanja lake. Analipukuta ndi mkono wa juzi.

Kenaka anatong'ola maso.

Paphale paja panali mizere. Inali mizere yokhotakhota!

Kukwera, kutsika.

Kukwera, kutsika.

Nesta anathamangira m'nyumba.

"Ababa! Ababa! Mwataya mizere yanu m'munda!"

Abambo ake anatsika pamakwerero. Analandira phale lija. Analitembenuza uku ndi uku. Anayendetsa chala m'mizere muja.

"Iyi si yanga," anatero.

"Ndi yanu! Ine ndimaidziwa!"

"Ayi mwanawe. Ili ndi dongo lootcha. Ine sindiumba dongo." Anayendetsanso chala. "Koma dzanja ili, eee! Taona pokhota apa. Silinanjenjemere n'pang'ono pomwe. Uyu anali mmisiri."

Nesta analiyang'anitsitsa phale lija. Pakona pake panali chinthu choyera. Chinali cholimba ngati mwala. Chinaphimba mizere ina.

Nesta sanachikonde. Iye ankafuna kuona mizere yonse.

Anatenga mswachi wakale. Anakwecha. Choyera chija sichinachoke.

Anakanda ndi chikhadabo. Sichinachoke.

"Choka iwe!" anatero Nesta.

Koma chinakakamira nganganga!

Nesta anatembenuza phale lija. Kumbuyo kwake kunali bii! Anafuna kukwechanso, koma amayi ake anamugwira dzanja.

"Siya kaye," anatero amayi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa mukafunse Mayi Bowen."

Mayi Bowen amagwira ntchito kunyumba yosungira zinthu zakale. Anthu a kuno akatola chinthu chachilendo m'dothi, amapita nacho kwa iwo. Ena amapita ndi chuma. Ena amapita ndi chidutswa cha mphika wa maluwa. Mayi Bowen amalandira onse mofanana.

Tsiku lotsatira, poweruka, Nesta anapitako ndi abambo ake. Phale lija analikulunga m'sokosi.

Mayi Bowen anavala magalasi. Anamasula sokosi ija. Nkhope yawo inawala.

"Aaa, mwana iwe! Walitola kuti limeneli?"

"Kumunda kwathu," anayankha Nesta. "Inafukula ndi mfuko."

"Mfuko imeneyo tiilembe ntchito," anatero Mayi Bowen. "Bwera kuno uone."

Anawatengera pakabati yagalasi. M'katimo munali njerwa yofiira. Inali yaitali, yooneka ngati bokosi. M'kati mwake munali mphako. Kunja kwake kunali mizere.

"Phale lako linasweka ku njerwa ngati iyi," anatero Mayi Bowen. "Anaumba ndi Aroma akalekale, amene ankalamulira dziko lino. Papita zaka pafupifupi zikwi ziwiri."

Nesta anayasama kukamwa. Abambo ake anavula chipewa.

"Nanga mphakoyo ndi ya chiyani?" anafunsa Nesta.

"Ndi njira ya utsi. Aroma ankadana ndi kuzizira kwathu kuno. Tsono ankasonkha moto wotenthetsa kunsi kwa nyumba. Njerwa izi ankazisanjikiza m'kati mwa khoma. Ina pamwamba pa inzake. Ina pamwamba pa inzake. Utsi wotentha unkakwera m'mphakomo. Khoma lonse linkafunda."

"Khoma lofunda!" anatero Nesta.

"Ee. Ukalitsamira, msana unkamva bwino." Mayi Bowen anatembenuza phale lija. "Ukuona kwakudaku? Uwu ndi mwaye. Utsi wa Aroma unadutsa pomwepa."

Nesta ananunkhiza. Anangomva fungo la dothi.

"Nanga mizereyi?" anafunsa.

"Woumba ankatenga chipeso. Ankapesa dongo likadali lofewa. Kenaka ankaliotcha."

"Chipeso!" anakuwa Nesta. "Ngati cha ababa!"

"Abambo ako ali ndi chipeso cha khoma?"

"Ee! Amapesa chonchi. Kukwera, kutsika. Koma amakwirira mizere yonse."

"Aroma nawonso ankakwirira," anatero Mayi Bowen. "Njerwa zikalowa m'khoma, ankapaka pulasitala pamwamba. Palibe amene ankaiona mizereyi."

Nesta anaganiza pang'ono. Kenaka analoza pakona paja mwamanyazi.

"Apa pali choyera. Ndinayesa kuchichotsa. Ndinakwecha ndi mswachi. Ndinakanda ndi chikhadabo. Koma chinakana."

"Chinachita bwino kukana!" anaseka Mayi Bowen. "Ameneyu ndi pulasitala wa Aroma."

Nesta anayang'ana choyera chija. Anayang'ana abambo ake.

Mayi Bowen anayankhula motsitsa mawu. "Nyumba ija inagwa. Khoma linagwa. Njerwa inasweka. Mvula inagwa, makasu anadutsa, mfuko inafukula. Koma mizereyi sinamutaye pulasitala wake."

"Ikugwirabe!" anatero Nesta.

"Ikugwirabe."

Abambo a Nesta anawerama. Anangogwira pakona paja ndi chala chawo chambuu. Anagwira mwaulemu, ngati akupereka moni kwa munthu wamkulu. Nesta anaona kuti m'maso mwawo mukulengeza misozi.

"Ababa, mukulira?"

"Ayi, ndi fumbi," anatero abambo ake.

Mayi Bowen anajambula phale lija. Kenaka analibweza m'sokosi. "Ulisamale," anatero. "Ndipo mswachi ukhale kutali."

Lachisanu linafika.

Osian anaonetsa kabwato kake. Kanali kokongoladi. Ana onse anaomba m'manja.

Mali anaonetsa juzi yake. Inali yofewa ngati mwana wa nkhosa. Ana onse anaomba m'manja.

"Nesta, ndi nthawi yako," anatero aphunzitsi.

Nesta anapita kutsogolo.  Anamasula sokosi ija.

"Wabweretsa sokosi!" ananong'ona Osian.

Nesta anakweza phale lija m'mwamba. Anawaonetsa mizere. Anawaonetsa mwaye. Anawauza za moto, za utsi ndi za khoma lofunda. Anawaonetsanso pulasitala wa pakona.

"Ndinayesa kumuchotsa," anatero. "Anakana. Mizere ikumugwirabe."

 Aliyense ankafuna kuona pafupi.

Koma Osian ndi Osian. Anatsamira khoma, n'kupinda manja.

"N'labwino," anatero. "Koma limenelo sanaumbe abambo ako. Aphunzitsi anati cha munthu wa kwanu!"

"Zoona," anayankha Nesta. "Phaleli ndabweretsa kuti muone mizere. Ntchito ya ababa inafika kale."

"Ili kuti?"

"Waitsamira."

Osian anadzidzimuka. Anatembenuka. Anayang'ana khoma lija.

"Khoma ili anapaka ndi ababa," anatero Nesta. "Analipesa ndi chipeso, ngati Mroma uja. Kenaka anakwirira mizere."

"Mizere ili m'katimu?" anafunsa Osian.

"Ee."

"Ine sindikuiona."

"Si yoonera," anatero Nesta. "Ndi yogwirira."

Osian anaika dzanja pakhoma. Mali anaika dzanja pakhoma. Ana onse anaimirira. Manja ang'onoang'ono anadzaza khoma lonse. Ngakhale aphunzitsi anaikapo lawo.

"Kusalala kwake!" anatero Mali.

Osian anagogoda khoma lija. Go, go, go! Palibe chinagwa.

"Aise," anatero Osian, "ndiye wabweretsadi khoma!"

Ana onse anaseka. Ulendo uno Nesta anaseka nawo. Anaseka kuposa onse.

Loweruka m'mawa, m'chipinda cha Nesta munatsala khoma limodzi. Abambo ake analipaka. Kenaka anamupatsa Nesta chipeso chija.

"Tenga," anatero. "Pesa."

"Ine?"

"Iweyo. Pulasitala sadikira munthu."

Nesta anagwira chipeso ndi manja awiri. Chinali cholemera.

Kukwera, kutsika.

Kukwera, kutsika.

Mizere yake inapotoka. Ina inathawira kumbali. Ina inagundana.

"Ababa, yaipa," anatero Nesta.

Abambo ake anaiyang'ana bwinobwino. Anayendetsa chala pafupi nayo.

"Igwira," anatero.

Amayi anabwera ndi tiyi. Anaima pakhomo. Anayang'ana bambo, anayang'ana mwana. Tsitsi la Nesta linali mbuu! Nsapato zake zinali mbuu! Ngakhale mphuno yake inali mbuu!

"Taonani abale," anaseka amayi. "Bambo mbuu, mwana mbuu!"

Pulasitala atauma, nthawi yokwirira inakwana. Nesta anayang'ana mizere yake komaliza. Mtima unamuwawa pang'ono, koma sanalire. Ananyamula yekha mpeni wopakira, n'kuwapatsa abambo ake.

"Kwirirani, Ababa," anatero.

Abambo ake anakwirira.

Lero phale lofiira lija limakhala pawindo la Nesta. Khoma lake ndi losalala. Mlendo akalowa, saona mzere ngakhale umodzi.

Koma m'mawa uliwonse, asanapite kusukulu, Nesta amaika dzanja pakhomapo.

"Ababa!" amaitana.

"Ee, mwanawe?"

"Ikugwirabe!"