Kachubu ka Pakhosi pa Filomena

Anakumana pa siteshoni ya Chiromo m'chaka cha 1913, Filomena akugulitsa milamba yowamba kwa anthu a m'sitima. Kalisto, wothandiza dokotala pa chipatala cha mishoni, anabwera kudzalandira bokosi la mankhwala. Atangomuona mtsikanayo, za bokosi anaiwala.

"Nsomba sindikuzifuna, ndikufuna mwini lichero," anatero Kalisto.

"Ii, inu! Mulibe manyazi?" Filomena anaseka uku akubisa nkhope.

Pakamwa pa Kalisto panali pozuna, abale! Tikalata tinayamba kuwoloka Shire pa bwato. "Duwa langa, ndilibe wina koma iwe. Madzi akaphwa, ankhoswe anga afika kwanu." Filomena ankawerenga mpaka pepala kung'ambika mopinda.

Madzi asanaphwe, nthenda ya pakhosi inalowa m'mudzi. Inatenga ana atatu, kenako inagwira Filomena. Kummero kunatupa, mpweya unkalira ngati mluzu, milomo inada bii. Amayi ake, a Esinala, anathamangira naye kuchipatala.

Dokotala sanachedwe. Anacheka pakhosi, m'munsi mwa kholingo, n'kulowetsa kachubu kasiliva m'njira ya mpweya. Filomena anatsitsimuka akupumira pamenepo, mawu alibe. Munthu n'kupumira pabala?

"Usaope, wapamtima wanga, ndili pompano," Kalisto anamunong'oneza, akumanga tizingwe ta kachubu kumbuyo kwa khosi. Kenako anatembenukira kwa a Esinala. "Mayi, mumvetsetse. Tichubu tilipo tiwiri. Kakunjaka musakakhudze, kakatuluka bowo litsekeka. Kam'kati ndizikatulutsa ine, kukatsuka, makhololo n'kuwachotsa ndi nthenga yowiritsa. Pamwamba pazikhala kansalu konyowa kuti makhololo asaume."

Masiku asanu Filomena sankachotsa maso pakhomo. Kachubu kakangoti khorroo, mtima unkagunda mpaka Kalisto atulukire. Ankaopa kugona, ankaopa kutsokomola, ankaopa ngakhale kumeza phala.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Kalisto anapita ndi dokotala kukabaya katemera kutsidya. Dzuwa linaswa mtengo, kansalu kanauma gwa, ntchentche zinazungulira bala. A Esinala zinawapweteka mumtima. Anachotsa kansalu, anatenga thonje la kumunda kwawo lomwe ankapota, n'kuliyala pakamwa pa kachubu. Si lofewa kodi? Si loyera?

Ulusi wa thonje unakokedwa ndi mpweya, unakasakanikirana ndi makhololo ouma. Filomena anadzambatuka, maso ali tong'o, nthiti zikulowa m'kati, manja akupalasa mphasa. Mpweya zii!

"Mayo ine! Mwana wanga akufa! Thandizeni!"

Pakhonde panali mayi wina wobereka mwana, yemwe anali atangofika kumene kuchokera ku Chikwawa. Analowa chothamanga, anakankha a Esinala.

"Gwirani mutu, mayi! Aweramire kumbuyo!"

Anatsina kachubu kakunja ndi zala ziwiri kuti kasasunthe, anatembenuza kam'kati n'kukasolola. Kanatuluka kali kodzaza thonje ndi makhololo. Anatola nthenga m'mbale, analowetsa, anapotokola, anakoka. Filomena anatsokomola, makhololo otsala analumpha, mpweya unalowa fuu!

A Esinala anagwada, misozi ili chuchuchu. "Ndinu ndani, mwana wanga? Mwazidziwira kuti zimenezi?"

"Ndine Clotilda. Mwana wathu woyamba anavalapo kachubu kotere, ndinagona nako mwezi wathunthu. Anandiphunzitsa ndi bambo ake, a Kalisto. Ndabwera kudzawaonetsa wachiwiriyu, sanamuone chibadwire."

Filomena anamva ngati kachubu katsekekanso. Bambo ake? Wachiwiri? Anafuna kukuwa, koma pakhosi panangotuluka kamphepo. Misozi inayenderera mpaka m'makutu.

"Musalire, achemwali, zatha," Clotilda anamupukuta ndi nsonga ya nsalu yake, osadziwa kanthu.

Dzuwa litapendeka, Kalisto analowa akuimba mluzu. Anaona mkazi wake atakhala pamphasa ya Filomena, akutsuka kachubu. Mluzu unathera pakhomo pomwepo.

"Mwafika, bambo a Saulos?" anatero Clotilda mosangalala. "Bwerani mumange bwino tizingweti, tamasuka."

Kalisto anayandikira. Filomena anadzikokera kukhoma. Anagwira mkono wa Clotilda zolimba, zikhadabo mpaka kulowa. Chotupa cha kummero chinali chitayamba kuphwa, ndipo pamene anatseka kachubu ndi chala, mpweya unakwera kukamwa. Mawu ake oyamba chichekedwere anatuluka osasa, aang'ono.

"Mange inuyo, mayi. Awa asandikhudzenso."

Clotilda anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana mwamuna wake yemwe anali atazyolika. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Anasendeza mwana kumsana, anatenga tizingwe tija.

"Tulukani," anatero osamuyang'ananso. "Mukutitsekera mpweya."