Nyali Yofiira ya Bogi Yomaliza

Moni kwa inu owerenga, kulikonse kumene mawu awa akupezani. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watidzutsa lero tili ndi mpweya m'chifuwa, pomwe ena anagona dzulo ali ndi malingaliro a mawa. Nkhaniyi ndi ya mbale wina wa mumpingo mwathu, woyimba besi m'kwaya, amene kwawo amamutcha Disolimodzi. Maso ali nawo onse awiri. Dzinali linabwera chifukwa kuyambira ali mwana ankayenda atatsinzina diso limodzi, linalo lili pa kamera, kujambula sitima.

Tsiku lina anachedwa kunyamuka paphiri limene anakwera kukajambula sitima. Anali atabwera kudzaona mayi ake patapita zaka zambiri akugwira ntchito kutali, ndipo atamva kuti sitima ya katundu imadutsabe madzulo, mtima sunamupatse mpata. Anatenga kamera dzuwa likupendeka.

"Munthu wa imvi m'ndevu, ukuthamangirabe sitima?" anatero mayi ake. "Inakulonjeza chiyani?"

"Ndibwera kusanade, amayi."

"Unkateronso uli ndi kabudula wong'ambika. Chitseko sindikhoma mpaka ulowe. Ndatsala ndi iwe wekha, usandigoneke pampando."

Nyumba yawo ili tsidya lina la mtsinje, pafupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa makapu amagundana okha m'kabati. Phiri limene anakwera lili tsidya linalo, pamene njanji imatsetsereka kulunjika pamlatho. Sitima inachedwa. Dzuwa linalowa, udzudzu unayamba ntchito yake, foni inazima, iye ali chikhalire pamwala. Pamene hutala inalira kuseri kwa phiri, kunali kutada bii.

Injini inatulukira ndi nyali yake yaikulu, utsi uli tolotolo. Disolimodzi anatsinzina diso, najambula. Kenako anachita zimene makamera a masiku ano atiphunzitsa tonse: anaweramira pa kagalasi ka kumbuyo kuti aone ngati chithunzi chatuluka bwino. Anachikulitsa, anachichepetsa, anamwetulira. Mabogi ankadutsa pambali pake iye osadzutsa mutu. Pamene ankadzutsa, phokoso linali litamira kale tsidya lija.

Njira zobwerera zinali ziwiri. Ya mseu ndi yozungulira, yopita kukaolokera pamlatho wa magalimoto. Yachidule ndi mlatho wa sitima. Mlatho umenewu ndi wautali, ulibe pogwira, ulibenso poyenda anthu. Umaponda thabwa ndi thabwa, pakati pali mpata, pansi pali miyala ndi madzi. Sitima ikakupeza pakati palibe kothawira. Koma anthu amaoloka ndithu ikangodutsa, poti masiku ano imadutsa imodzi basi. Iye anaganiza za mayi ake ali pampando, nasankha yachidule.

Musanafike pamlathopo pali kanyumba ka mlonda wa pageti. Kale mseu unkadumpha njanji pamenepo, ndipo Disolimodzi anakulira pakhonde la kanyumbako. Mlondayo ankangotchedwa a Pageti. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa zala zitatu kudzanja lamanja, zinazo zitatsala pakati pa mabogi ali mnyamata. Masiku amenewo kamera inali ya filimu, yopatsidwa ndi amalume, ndipo filimu inali yosowa. Mwanayo ankajambula injini kamodzi kokha, kenako n'kuima pambali pa a Pageti kuonerera mabogi mpaka omaliza. A Pageti sankatsegula geti asanaone nyali yofiira yopachikidwa pa bogi yomaliza, ngakhale madalaivala aimbe mahutala chotani.

"Sitima sinadutse mpaka waona nyali ya kumbuyo," ankatero. "Ikadutsa yopanda nyali, yaduka. Mabogi ena atsala pamtunda. Mabuleki awo amagwira kanthawi, kenako mpweya umatha, n'kuyamba kubwera okha. Amenewo saliza hutala."

Koma zimenezo zinali kale. Mseu anausamutsa, geti analizula. Popita madzulo aja Disolimodzi anali ataona kanyumbako kalibe chitseko, udzu utamera mkati.

Tsopano anakadutsa mumdima, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya kuti adzilimbitse mtima. Anafika pamlatho. Anaponda thabwa loyamba, lachiwiri, lachitatu. Madzi ankamveka pansi, osaoneka. Anapita patsogolo ndithu, mpaka mphepo ya pamtsinje inayamba kumuwomba m'makutu.

"Mwaiona?"

Mawuwo anachokera kumbuyo. Anasiya kuyimba.

Anacheuka pang'onopang'ono, miyendo ili pa mathabwa awiri. Kumene anachokera kuja kunali kuwala. Nyali ya m'manja, ya mafuta, ili m'munsi pafupi ndi bondo la munthu. Nkhope sinkaoneka.

"Ndani?"

"Mwaiona?"

"Chiyani, bambo?"

"Nyali."

Disolimodzi anakumbatira chikwama cha kamera. Wakhala m'tauni, akudziwa mmene akuba amayambira nkhani. Munthu amakufunsa nthawi, ukaima anzake n'kutulukira m'tchire. Mtima unamuuza kuti thawa, tsidya lija kuli nyumba, kuli mayi ako. Anaponda thabwa lina kutsogolo. Linanso.

"Disolimodzi."

Anaima.

Dzina limenelo kutauni kulibe amene amalidziwa.

"Bwerera," anatero munthuyo. Sanakuwe. Analankhula ngati akuuza mwana kuti achotse phazi panjira. Kenako anakweza nyali ija m'mwamba, ndipo kuwala kunagwera padzanja logwira chogwirira. Zala zitatu.

"A Pageti... ndinu?"

"Unaweramira chiyani sitima ikudutsa?"

Pamenepo m'pamene Disolimodzi anafufuza m'mutu mwake. Injini anaiona. Utsi anauona. Mabogi anawamva. Nyali yofiira... nyali yofiira sanaione. Sanayang'ane n'komwe.

"Gwira njanji," anatero mkuluyo.

Anagwada pathabwa, naika chikhatho pa chitsulo. Chinali chozizira. Chinkanjenjemera. Pang'ono chabe, ngati mtsempha wa pakhosi.

Anayang'ana kuphiri. Mdima wokhawokha. Kopanda nyali, kopanda hutala.

Chitsulo chinayamba kulira. Ting'... ting'... ting'...

Anadzuka. Kutsogolo kunali kutali. Kumbuyo kunali kufupi, koma n'kumene chinthucho chinkachokera. Anayang'ana pansi, pa mpata wa mathabwa.

"Yang'ana nyali yangayi, usayang'ane pansi. Bwera."

Anabwerera. Thabwa. Mpata. Thabwa. Mlatho wonse unayamba kugwedezeka. Nsapato inakodwa, anaisiya. "Ambuye Yesu, Ambuye Yesu," analibe pemphero lina. Nyali ija inali patsogolo pake, yosagwedezeka. Kuseri kwake mdima unali kukula, wakuda kuposa usiku, ukubwera.

Thabwa lomaliza. Anadziponya kumbali, m'miyala.

Gudugudugudu!

Mabogi akuda, opanda injini, opanda munthu, anadutsa pamene iye anaponda posachedwapa. Mphepo yake inamukupiza malaya. Analowa pamlatho ndi liwiro, zitsulo zikukukuta. Ndipo kumbuyo kwa bogi yomaliza kunali kanyali kofiira, kakugwedera uku ndi uku, kakuchepa, mpaka kanazimirira tsidya lija.

Kunakhala zii. Achule anayambiranso.

"Tsopano yadutsa," anatero a Pageti.

Disolimodzi anakhala tsonga m'miyalamo, chigongono chikutuluka magazi. Anacheuka kuti athokoze. Mkuluyo anali ataima chapatali pang'ono, nyali itabwereranso pabondo.

"Wakula," anatero. "Koma phuma silinathe."

"Mukadali pano, bambo? Geti anachotsa kale."

"Sanabwere wondilandira." Analoza njira ya mseu. "Pita. Mayi ako sanakhome."

Kuwala kunatembenuka kulowera ku kanyumba kaja. Disolimodzi anawerama kuti aone ngati kamera yasweka. Podzutsa mutu, kunali mdima.

Pamlatho sanabwererenso. Anazungulira mseu wonse ndi nsapato imodzi, akuyimba mokweza nyimbo iliyonse yoyamika imene inabwera pakamwa, agalu a m'nyumba za anthu akumuyankha. Atayandikira kwawo anaona mabogi aja ataima pachigwa pamene njanji imayamba kukwera, kanyali kofiira kakuyakabe, anthu a sitima akubwera chapatali ndi matochi.

Chitseko chinali chosakhoma. Mayi ake anali pampando, buku la nyimbo lili pamiyendo, magalasi atatsetserekera pamphuno.

"Nsapato ina wagulitsa?" anafunsa. Kenako anaona magazi, nadzuka.

Anamukhazika pansi, natenga madzi ofunda ndi kansalu. Iye anafotokoza zonse, za kagalasi ka kamera, za mlatho, za munthu wa nyali, za mabogi obwera okha. Mayi ake ankangopukuta bala, milomo ikuyenda m'pemphero. Atamaliza, Disolimodzi anakoka katoni ya zithunzi zake zakale pansi pa kabati, nayamba kuzitembenuza chimodzichimodzi patebulo. Injini, injini, injini inanso. Pa chithunzi chimodzi chokha, cham'mphepete, panali mkono wa munthu utagwira nyali. Thupi lonse linali kunja.

"Taonani, amayi. Ubwana wanga wonse ndinaima pambali pawo, nkhope yawo ndilibe. Mawa m'mawa ndipita ndikawajambule bwinobwino, atavala jekete. Akukhala kuti masiku ano?"

"Ndani?"

"A Pageti. Si ndiwo andibweza pamlatho."

Kansalu kaja kanaima m'mbale ya madzi.

"Iwe sunatchule dzina. Wangoti munthu wa nyali."

"Ndi iwowo. Zala zitatu. Anditchula Disolimodzi. Akudziwanso kuti simunakhome."

Mayi ake anakhala pansi pang'onopang'ono. Anavula magalasi, nawapinda, nawaika pa buku la nyimbo.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "a Pageti tinaika kalekale, chaka chimene unapita kutali chija, mseu asanausamutse. Anawapeza m'mawa atakhala pampando wawo m'kanyumbamo, geti lili chitsekere, nyali ikuyakabe. Sitima ya usiku umenewo inafera panjira, sinafike. Anamwalira akuidikira. Nyimbo ya kumanda ndinayambitsa ndine."

M'kabati makapu anayamba kugundana pang'ono: injini inali kubwerera cham'mbuyo kudzatenga mabogi ake. Mayiyo anadzuka, nakhoma chitseko, nati, "Tiye tigwade."

Ine sindidziwa kuti anaima pamlatho paja ndi ndani. Ndinaphunzitsidwa kuti akufa akupumula, ndipo ndimakhulupirira zimenezo. Ndinawerenganso kuti Mwini moyo ali ndi atumiki ambiri, ndipo sapempha chilolezo kwa ife posankha nkhope yoti awaveke. Chimene ndikudziwa n'chakuti mbale wathuyo amaima kumbuyo kwanga m'kwaya Lamulungu lililonse, ali moyo, ndi chipsera pachigongono.

Ambuye akusungeni inu owerenga potuluka ndi polowa. Akuyatsireni nyali pamene maso anu alephera, akubwezeni pamene phazi lafulumira, ndipo amene akukudikirani pampando usiku uno amve kugogoda kwanu asanakhome. Ameni.