Geti la Khumi ndi Chiwiri Kupitirira Bedourie

Ndikudziwa, pa banja pathu ndimatchuka ndi bodza. Ndine amene ndinauza ana kuti mano anga oikirirawa ndinabwereka kwa ng'ona. Koma iyi si nthabwala ayi. Mboni zilipo ziwiri: Narelle, mwana wa mchimwene wanga, ndi mwamuna wake Darcy, munthu woti ngakhale akagwira nsomba yaing'ono amanena kuti ndi yaing'ono. Kawafunseni.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka 74, awiriwa ananditenga pa ulendo wawo wa miyezi itatu wa kuchipululu, kugona paliponse pomwe dzuwa latilowera. Sabata yoyamba ndinadandaula ngati mwana wopeza. Ntchentche m'maso, ntchentche m'makutu, ina ndinaimeza ikuuluka. Kusamba, madzi a m'kapu. Kuchimbudzi, Darcy ankangokupatsa fosholo n'kukulozera chitsamba.

"Amkamwini," ndinkatero, "ulemu wake ndi umenewu? Mpongozi wanu kumupatsa fosholo ngati akadzikwirire yekha?"

"Azakhali, mukabwere nayo. Fosholo ndi imodzi."

Koma thupi ndi galu, limagona pomwe laponyedwa. Pofika sabata yachisanu ndinkaliza mkonono m'swagi yanga, matiresi okutidwa ndi kanivasi aja, kuposa mmene ndimachitira pa bedi langa ku Toowoomba. M'mawa kukutumula jombo kuopa zinkhanira, tiyi wa m'chitini, buledi wophika m'phulusa. Mawondo anasiya kuwawa. Ndinanenepako, inu, m'chipululu!

Ntchito ndinali nayo imodzi: mageti. Wokhala pa mpando wakutsogolo ndi amene amatsika kukatsegula, ndipo mpandowo ndinali nditalanda kwa Narelle tsiku loyamba lomwe. Lamulo lake ngakhale ana amalidziwa: geti ulisiye mmene walipezera. Lotseka, tseka. Lotsegula, lisiye, mwini wake si chitsiru, ali ndi chifukwa chake.

Tsiku limenelo, mu Okotobala, tinali kupitirira Bedourie, m'kamsewu ka m'famu ya ng'ombe komwe mwina mumadutsa galimoto imodzi pa sabata. Kutentha kwake, akhwangwala ankayenda kukamwa kuli yasa. Mageti khumi ndi limodzi ndinatsegula n'kutseka. La khumi ndi chiwiri tinalipeza lotsegula, lotsamiritsidwa ndi mwala. Titangodutsa ndinati, "Imani, tiyi uja akufuna kutuluka." Ndinapita kuseri kwa chitsamba. Pobwerera, manja anagwira ntchito okha. Mwala uko, geti gwa, tcheni pamalo pake. Narelle ndi Darcy ankakangana za mapu, sanaone kanthu.

Msasa tinakamanga makilomita khumi kutsogolo, chapatali pang'ono ndi mjigo woyendera mphepo, kuti tisaopseze ziweto zikamabwera kudzamwa. Dzuwa litalowa, Darcy anaimirira, mbale ili m'manja, n'kumayang'ana chomwera chodzaza madzi.

"Zachilendo," anatero. "Ndowe paliponse, mapazi a dzulodzuloli, koma ng'ombe ngakhale imodzi."

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira mwala uja. Madzi ali kuno, ng'ombe ndazitsekera uko, ndipo ife tikapitirira mawa palibe adzadutse mpaka zitafa. Koma ndinene? Ine amene ndinamuseka Darcy masiku atatu chifukwa choiwala mchere ku Boulia? Ndinati ndinena mawa m'mawa, pa tiyi, anthu atakhuta. Ndinalowa m'swagi.

Usiku wa kumeneko uli ndi phokoso lake, ndipo ndinali nditalizolowera: mjigo kulira kwiii, kwiii, nkhululu mu udzu, dingo, galu wa m'tchire uja, kutali. Chimene chinandidzutsa n'choti zonsezo zinasiya. Mphepo inkawomba, ndinkaimva m'masaya. Koma mjigo unali zii.

Kenako fungo. Thukuta la hatchi, chikopa cha chishalo, fodya wa m'kaliwo.

Kenako tcheni. Ngwee. Ngwee. Ngati munthu akuigwedeza pa mtengo wa geti. Pamalopo panalibe geti.

"Azakhali," Narelle ananong'ona, "ndinu?"

"Ine ndagona."

"Musasewere chonde."

"Mwanawe, ndikanakhala ine bwenzi ndikuseka."

Ziboda. Pang'onopang'ono, pa miyala. Zinazungulira galimoto. Zinadutsa Darcy. Zinadutsa Narelle. Zinaima kumutu kwanga. Hatchi inapuma, mpweya wofunda unandigunda pachipumi. Ndinatsegula diso limodzi. Nyenyezi zokhazokha.

Mawu anachokera m'mwamba, pa msinkhu wa munthu wokwera hatchi. Mawu a nkhalamba, ouma.

"Mayi, zili ndi ana."

Basi.

Darcy anayatsa tochi. Panalibe kanthu. 

"Narelle, wamva?"

"Ndamva."

"Zili ndi ana n'chiyani?"

"Ng'ombe," ndinatero. "Amkamwini, geti lija ndinalitseka."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangothira madzi pa makala, kukwirira ndi mchenga, kupondaponda ndi jombo. Bokosi la zakudya ndi ziwiya anaponya m'galimoto kuopa madingo, ifenso tinakwera. Tinabwerera ku geti kuja.

Tinazimva tisanazione. Kulira kwa ng'ombe yaludzu n'kwina, kumachokera pansi pa mimba. Kenako fumbi. Kenako maso, mazanamazana, obiriwira mu nyali za galimoto. Zinali zitapanikizana pa geti, malilime kunja, ana ali pansi pa miyendo ya amawo.

Darcy anagwira chitseko. "Khalani, Azakhali."

"Ayi. Anatseka ndine."

Ndinatsika. Tcheni inali itakungika, ng'ombe zikukankha geti ndi zifuwa. Zala zanga za nyamakazi zinalephera. Ndinakoka. Ndinatukwana. Ndinapempherako pang'ono. Kamwana kena ka ng'ombe kanagwada, mutu utapanikizika pa waya, ndipo kanasiya kulira.

Fungo la fodya linabweranso. Pafupi.

Kumbuyo kwa ng'ombe, mumdima, chikwapu chinalira. Thwaa! Kenako likhweru, lalitali. Ng'ombe zonse zinabwerera m'mbuyo, mapazi atatu, nthawi imodzi. Tcheni inakhwepa. Inagwera yokha m'dzanja langa.

Ndinatsegula, ndinatsamiritsa mwala, ndinabisala kuseri kwa mtengo wa geti. Ng'ombe zaludzu zimathamanga n'kupondana, aliyense amadziwa zimenezo. Izi zinkayenda mzere, ziwiriziwiri, ana pambali. Kaja kanagwada kanadzuka, kanatsatira. Narelle anaona. Darcy anaona. Pambuyo pa yomaliza panadutsa ziboda zina. Zachitsulo. Fumbi linkadzuka, wolidzutsa osaoneka.

"Pepani, bambo," ndinatero.



Tinazitsatira pang'onopang'ono, ndipo kumsasa tinafika m'bandakucha. Mjigo unali ukuliranso bwinobwino. Ng'ombe zinazungulira chomwera, zikumwa, ana akuyamwa. Palibe inafa. Mtima wanga unakhala pansi moti ndinayamba kumva njala.

Amene anayamba kuona utsi ndi Darcy. Moto uja anauzimitsa yekha ndi madzi unali ukuyaka, nkhuni zoyalidwa mwaluso, zitatu zokha. Pamwamba pake panali chitini chakuda, chopindika m'mbali, cha chogwirira cha waya. Sichinali chathu. Chathu chinali m'galimoto, masamba a tiyi omwe. Koma tiyi ankawira.

"Musakhudze," Narelle anatero.

"Mwanawe, munthu wakukhululukira n'kukuphikira tiyi, iwe ukane? Unaleredwa ndi ndani?"

"Azakhali, chonde," anatero Darcy, "tikanena chiyani kwa abale mukafa?"

"Mukanene kuti ndinafa nditamwa tiyi wa mwamuna wodziwa kuphika, poti wanu uja ndi madzi otsukira makapu."

Ndinatenga kapu, ndinathira, ndinamwa. Wakuda bii, wowawa, shuga wosaumira, wotentha mpaka m'mawondo. Ndinawonjezera. Awiriwo anaima patali ngati akuonerera njoka, ndipo mpaka lero amati ndinapenga.

Masana tinadzera kunyumba ya eni famu kukadziulula za geti. Mayi wa pamenepo sanakwiye, anatipatsa masikono. Darcy atafunsa za mbusa wawo wa pahatchi, mayiyo anati hatchi yomaliza pa famupo inafa iye asanakwatiwe, ng'ombe amakusa ndi njinga zamoto. Ndiye ine ndinatulutsa chitini chija m'chikwama, kuchiika patebulo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Kachisiyeni pa phulusa pomwepo dzuwa lisanalowe," anatero motsitsa mawu. "Ndipo musachitsuke."

Sitinamufunse chifukwa. Tinabwerera nacho, ine nditachifungatira pamiyendo. Maola asanu ndi atatu anali atadutsa chichiphulireni pamoto, ndipo munalibe ngakhale dontho. Chinali chidakali chofunda.