Timapazi pa Ufa

Panali mtsikana wina amene onse ankamutchula kuti Kamakani. Akayamba chinthu, sankachisiyira panjira. Kamakani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti makoswe achoke m'sitolo ya amayi ake.

Sitoloyo inali m'nyumba yaitali ya m'mbali mwa msewu. Nyumbayo inali ndi zitseko zitatu. Choyamba chinali cha ometa tsitsi. Chachiwiri chinali cha amayi ake. Chachitatu chinali cha atelala. Koma denga linali limodzi.

M'sitolo ya amayi munali buledi. Munali shuga ndi mpunga. Munali ufa, mabisiketi ndi sopo. Munalinso makoswe.

Makoswe anaboola thumba la mpunga. Anateketa buledi. Analuma ndi sopo yemwe.

"Ndi sopo yemwe?" anatero Kamakani. "Kodi akufuna kuchapa m'mimba?"

Amayi sanaseke.

Tsiku lina kunabwera amayi a zaumoyo. Ntchito yawo inali yoyendera masitolo. Anayatsa tochi. Anaunika pansi pa shelefu. Anaona zitosi za makoswe, zazing'ono, zakuda bii.

"Mayi, muno mumagulitsa zakudya," anatero. "Makoswe amabweretsa matenda. Ndidzabweranso posachedwa. Ndikadzapezanso zitosi, sitoloyi tidzaitseka."

Amayi a zaumoyo atapita, amayi a Kamakani anakhala pa mpando. Anagwira tsaya. Mlongo wake wa Kamakani ankakwawa pansi. Iye anali khanda, sankadziwa kanthu.

Ometa tsitsi anasuzumira pakhomo. "Aneba, ingoikani mankhwala a makoswe," anatero.

"Ayi, aneba," anayankha amayi. "Muno muli zakudya. Ndipo mwanayu chilichonse amaponya m'kamwa."

Kamakani anatenga tsache.

"Amayi, musadandaule," anatero. "Ine sindigonja."

Kamakani anasesa. Anasesa pansi pa mashelefu. Anasesa kuseri kwa chitseko. Anasesa nyenyeswa zonse za buledi.

Amayi anadzuka pa mpando paja. Anavala magolovesi. Anakolopa zitosi ndi madzi a sopo. Kenako anathira mpunga m'chidebe, n'kuvindikira. Anathira shuga m'chidebe, n'kuvindikira. Anathira ufa m'chidebe, n'kuvindikira. Buledi anamutsekera m'kabati ya galasi.

"Tsopano adya chiyani?" anafunsa Kamakani.

"Adya mpweya," anatero amayi. Anamwetulira pang'ono.

M'mawa mwake anatsegula sitolo. Kamakani anagwada. Anayang'ana pansi pa shelefu. Zitosi zinalipo.

"Abweranso," anatero amayi motsitsa mawu.

"Abweranso, inde," anatero Kamakani. "Koma akulowera pati?"

Anayang'ana pazenera. Panali potseka. Anayang'ana pachitseko. Panali potseka. Anakanda m'mutu. Kenako anaona phazi lake. Anali ataponda ufa umene unatayika. Paliponse pamene anayenda, phazi linadinda.

"Amayi, ndipatseniko ufa wodzaza dzanja."

"Wa chiyani, mwanangu?"

"Ndikufuna makoswe andiuze okha njira yawo."

Nthawi yoweruka itakwana, Kamakani anawaza ufa. Anawaza m'mbali mwa makoma. Anawaza pansi mpaka panayera mbuu. Kenako amayi anakhoma chitseko.

M'mawa Kamakani analowa monyang'ama. Pa ufa panali timapazi. Timapazi apa, timapazi apo. Pakati pake panali kamzere ka mchira.

Kamakani anatsata timapazi. Tinadutsa pansi pa kauntala. Tinakhota pa zidebe. Tinakathera pansi pa sinki. Pamenepo, pamene paipi ya madzi imalowera m'khoma, panali bowo.

"Ndalipeza khomo lawo," anatero.

Abambo a Kamakani anali mmisiri womanga nyumba. Anabwera ndi waya ndi simenti. Anagwada pansi pa sinki.

"Ababa, kabowo kakang'ono chonchi?" anafunsa Kamakani. "Khoswe angakwane?"

"Akwana bwinobwino," anatero abambo. "Amafinyika ngati alibe mafupa."

Kamakani anawapatsira waya. Abambo anamupindapinda, n'kumukanikizira m'bowo. Kenako anamata simenti. Pansi pa chitseko anakhomapo lata. Sipanatsale mpata.

Nthawi yoweruka Kamakani anawazanso ufa.

M'mawa analowanso monyang'ama. Pansi pa sinki panalibe kanthu. Pachitseko panalibe kanthu. Koma pakona panali timapazi.

Kamakani anamva misozi ikubwera. Anaimeza. Anapukuta mphuno ndi mkono.

"Ine sindigonja," anatero.

Anatsatanso timapazi. Ulendo uno tinakwera shelefu. Tinakwera, tinakwera mpaka pamwamba. Kamakani anakweza maso. Pakati pa khoma ndi denga panali mpata. Kuseri kwa khomalo kunali kwa atelala.

Kamakani anapita kwa atelala. Makina awo ankalira, tekete tekete tekete.

"Odi, amalume."

"Lowa, mwana iwe. Zikuyenda?"

"Sizikuyenda, amalume. Makoswe akuchokera kwanu kuno."

Makina anaima.

"Kwanga kuno?" anatero atelala. "Ine ndimasoka nsalu. Khoswe amadya nsalu? Pita ukasewere."

Makina analiranso, tekete tekete tekete.

Kamakani anapita. Koma sanapite kukasewera. Masana anabweranso.

"Odi, amalume. Ndiwazeko ufa pang'ono pansi?"

"Ufa pafupi ndi nsalu za anthu? Ayi."

Kamakani anapita. Posakhalitsa anabweranso. Ulendo uno ananyamula tsache.

"Odi, amalume. Ufa ndausiya. Ndingokuseserani."

Atelala anatsitsa magalasi awo pamphuno. Anamuyang'ana. Anapumira m'mwamba.

"Amene anakupatsa dzinali sanalakwitse," anatero. "Sesa. Koma usagwire lumo langa."

Kamakani anasesa. Anasesa ulusi. Anasesa tizidutswa ta nsalu. Pakona panali makatoni akale, osanjikizana. Anakoka katoni imodzi.

Khoswe analumpha. Anadutsa pa phazi la atelala. Anakwera khoma, n'kulowa mu mpata muja.

Atelala anakweza miyendo yonse pa mpando. Magalasi anagwera pa chifuwa.

Kamakani anafuna kuseka, koma anadzigwira.

Kuseri kwa makatoni kunali chisa. Chinali chofewa. Chinali cha tizidutswa ta nsalu. Pakati pake panali kansalu kobiriwira, konyezimira.

Atelala anakayang'ana kansaluko. Anatembenuka msanga. Anatsitsa diresi lobiriwira limene linapachikidwa pakhoma. Linali la kasitomala wawo. M'munsi mwake munali moteketeka.



"Nsalu sadya, amalume," anatero Kamakani mofatsa. "Amagonapo."

Atelala anagwedeza mutu. "Kuno amagona, kwanu amakadya," anatero. "Pita ukaitane abambo ako. Uwauze abwere ndi makwerero."

Tsiku limenelo zitseko zonse zitatu zinali pululu.

Atelala anatulutsa makatoni akale. Nsalu zabwino anaziika m'mabokosi otseka. Abambo anakwera makwerero. Anatseka mpata wa kudenga ndi waya ndi simenti. Analowanso kwa ometa tsitsi. Kumenekonso anapeza bowo, n'kulimata.

Kamakani anazungulira kuseri kwa nyumba. Udzu unali wautali. Mgolo wa zinyalala unali wosavindikira. Makoko a nthochi anali mbwee.

"Apa ndiye pa hotelo yawo," anatero.

Ometa tsitsi anabwera ndi chikwakwa. Anatchetcha udzu wonse.

"Lero ndameta bwalo," anatero. "Ndipo silinadandaule kuti ndalimeta moipa."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka anagwira khoma.

Atelala anapeza chivindikiro cha mgolo. Anauvindikira, n'kuikapo mwala. Abambo anatchera misampha pamwamba pa mashelefu, pamene khanda silingafike.

"Misamphayi ndi ntchito ya akulu," anatero abambo. "Iwe usaigwire."

"Chabwino, ababa. Yanga ndi ufa ndi tsache."

Misampha inagwira makoswe amene anatsalira m'kati. Abambo ankawachotsa okha. Kamakani ankasesa tsiku lililonse. Ankayendera zidebe tsiku lililonse. Ankayang'ana mgolo tsiku lililonse. Poweruka ankawaza ufa.

Timapazi tinayamba kuchepa. Tinachepa, tinachepa.

M'mawa wina Kamakani analowa monyang'ama. Anayang'ana pansi pa sinki. Ufa unali see. Anayang'ana pakona. Ufa unali see. Anayang'ana pa shelefu. Panalibe ndi kaphazi kamodzi komwe.

Tsiku lotsatira zinali chimodzimodzi. Linzakenso chimodzimodzi.

Kenako amayi a zaumoyo anabweranso. Anayatsa tochi yawo. Kamakani anawayang'anitsitsa. Anagwira dzanja la amayi ake.

Amayi a zaumoyo anaunika pansi pa shelefu. Anaunika pansi pa sinki. Anaunika kudenga. Anatsegula zidebe, n'kuzitsekanso. Anazungulira kuseri kwa nyumba. Atelala ndi ometa tsitsi anaima pakhomo.

Amayi a zaumoyo anazimitsa tochi.

"Muno muli bwino," anatero. "Pitirizani kugulitsa, mayi. Koma musaleke kusesa."

"Sitileka," anatero Kamakani.

Amayi ake anamukumbatira mwamphamvu. Atelala anamugwira chanza ngati munthu wamkulu.

Madzulo anakhoma sitolo. Amayi anabereka khanda kumsana. Abambo anayang'ana Kamakani. Maso ake anali atalemera ndi tulo.

"Watopa, mwanangu?"

"Ayi, ababa. Sindinatope."

Abambo anamunyamula, n'kumukhazika pa mapewa. Kamakani anagwira mutu wawo ndi manja awiri. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Asanafike pokhotera, Kamakani anali atagona.