Dzanja la Mwanahalima pa Kamera ya Achimwene

Kamera ija ine sindinaikonde chiyambire. Achimwene anga a Habibu anaigula kwa mnzawo wochokera ku Joni, yakuda, yolemera, ya lenzi yochotsa ndi kubwezera. Ntchito yawo ndi ya utelala, koma akaikoleka m'khosi ankayenda ngati mtolankhani. Anajambula chilichonse cha ku Nkhotakota kuno, maukwati, ana otuluka ku madrasa, ngakhale mbuzi za eni ake. Munthu mmodzi yekha ndiye anawakanika, mkazi wawo yemwe.

Mlamu wanga Mwanahalima akangoona lenzi ikumuloza, ankatchinga nkhope ndi dzanja.

"Mawa, bambo a Talandira. Lero ndatuwa."

Mawa likafika, ankati mpango wabwino sunachapidwe. Achimwene ankangoseka n'kujambulabe. Zithunzi zake zonse zinali za chikhatho, nkhope ili kuseri.

Kenako minibasi imene Mwanahalima anakwera pochokera kogula mpunga ku Liwaladzi inagubuduka. Chikwama chake, foni ndi chiphaso zinasowera pomwepo. Tinamuika m'manda tsiku lomwelo. Mwana wawo Talandira anali asanayambe sukulu, choncho ine ndinasamukira kwa achimwene kukathandiza kulera.

Achimwene anatha ngati sopo. Madzulo ankakhala pamkeka n'kumayang'ana zithunzi za m'kamera chimodzichimodzi.

"Fauzia, mwanayu adzaiwala nkhope ya mayi ake," anandiuza tsiku lina. "Ndajambula boma lonseli. Iye ndidzamuonetsa chiyani?"

Ndinkawamvera chisoni, komanso ankandipsetsa mtima, chifukwa mwana wamoyo anali pomwepo koma iwo maso ali pa galasi. Chodabwitsa n'chakuti Talandira sankalira monga tinkaopera. Ankadzuka wosangalala. Ndi mwana wogona moponda-ponda, koma m'mawa tinkamupeza atafunda bwino, neti itapisidwa pansi pa matiresi mbali zonse. Ine ndinkati ndi bambo ake. Iwo ankati ndine.

Tsiku lina kunali mwera, ndipo magetsi anali atazima. Titaswali Isha, pemphero la usiku, mwana anagona kuchipinda. Ine ndinkasankha mpunga pa kandulo, achimwene akupukuta lenzi pokonzekera ukwati wa mawa lake. Anayatsa kagalasi kakumbuyo kuti aone ngati fumbi lachoka. Kamerayo ili ndi nzeru yake. Ikaona nkhope ya munthu imaizunguliza ndi kabokosi koyera, n'kulira kuti tii-tii.

Inalira.

Lenzi inali italoza kuchitseko. Chitsekocho ndinali nditakhoma ndekha.

"Yasokonezeka," ndinatero. "Zinthu za kaunjika ndi choncho."

Achimwene anandikodola ndi chala. Nditasuzumira pa kagalasiko ndinaona chitseko, mdima, ndi kabokosi kaja kataima m'malere, pa msinkhu wa munthu wamfupi. Ndinakweza maso. Panalibe munthu. Ndinayang'ananso pagalasi. Kabokosi kanali kakuyenda.

Kankayenda pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kudzutsa anzake. Kanalambalala lichero langa. Lawi la kandulo linapendekera mbali imodzi. Kenako ndinamva fungo la mafuta amene Mwanahalima ankadzola kumutu, mafuta amene botolo lake ndinakataya ndekha maliro atatha. Ndinatchula dzina la Mulungu chamumtima.

Katani ya kuchipinda inagwedezeka. Achimwene anadzuka n'kulondola, kamera ili kutsogolo. Ine ndinawagwira malaya kumbuyo, osati mwa kulimba mtima ayi, ndinkaopa kutsala ndekha.

M'chipindamo kabokosi kanaima pambali pa bedi. Kanatsika, ngati munthu akawerama. Bulangete limene linali kumapazi linayamba kukwera lokha mpaka m'mapewa a mwana. Neti inakokeka pakona, n'kulowa pansi pa matiresi. Talandira anamwetulira ali m'tulo.

Mantha anandithera pomwepo. Chinatsala ndi chisoni chokha.

Ndinamva achimwene akusinthasintha mabatani.

"Achimwene, musatero," ndinanong'ona.

"Mdima wachuluka. Chithunzi sichituluka."

"Musiyeni amalize."

Kanyali ka pamwamba pa kamera kanatumphuka kuti pha. Achimwene analankhula motsitsa, ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

"Halima, mawa lija ndi lero. Chonde, kamodzi kokha."

Fulashi inang'anima ngati mphezi. Chipinda chonse chinayera, kenako mdima. Mwana anadzidzimuka n'kukuwa, "Amayi!" Fungo lija linali litapita. Kabokosi kanali katazima.

Nditamugoneka mwana, tinayang'ana chithunzicho. Neti inatuluka bwinobwino, bulangete, ngakhale khutu la Talandira. Koma theka la chithunzi linali litatchingidwa ndi chikhatho chotambasula zala. Pansi pa chala chachikulu panali chipsera cha mafuta otentha, cha tsiku limene ine ndi iye tinkakazinga mandasi a Idi. Achimwene anakhala pansi n'kulira ngati mwana, ine n'kuwasiya alire.

Nkhani sigona m'nyumba. Mnyamata wotsuka zithunzi pa boma anati n'chala cha achimwene chinatchinga lenzi. A Shehe anati timuchitire Mwanahalima duwa, pemphero lomupemphera mtendere, tisiye kufufuza zimene sitinapatsidwe. Amayi a pamjigo ankanong'onezana kuti wakufa akamabwerera mwana wake amabwera mobisa, ndipo ukamuunika sabweranso. Ine sindinatsutse aliyense.

Koma kuyambira pamenepo mwana tinkamupeza m'mawa ali pambalambanda, bulangete lili pansi, udzudzu utamuluma m'miyendo. Ntchito yopisa neti inakhala yanga. Tsiku lina akumwa tiyi, Talandira anayang'ana bambo ake.

"Ababa, amayi sakubweranso. Ankabwera masiku onse, ndinkawaona. Nyali yanu ija yawaopseza?"

Achimwene anaika kapu pansi n'kutuluka panja.

Kanyali kaja anakamata ndi tepi yakuda. Maukwati anasiya kujambula. Mpaka lero, tikaswali Isha, amakhala pamkeka kamera italoza kuchitseko, chala chili kutali ndi batani. Akuti sakufunanso chithunzi, akungofuna ilire. Batire ikatha amaikamo ina. Sinalirepo.

Dzulo ndikumuluka tsitsi, Talandira anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa pakamwa.

"Azakhali, amene anali ndi mpata pakati pa mano ndi amayi, kapena ndi inu? Ndayamba kusokoneza."

Ndinamuuza kuti ndi amayi ake. Ndinanena motsitsa, koma achimwene anali pakhomo, ndipo anamva.