Zitsa za Mabala Atatu

Kusowa kwa mbande sikunamudabwitse mayi wa nazale, poti akuba ali ponseponse. Chinamudabwitsa n'chakuti wakubayo ankabweza machubu a mbandezo, atawakutumula dothi n'kuwasanja bwinobwino pafupi ndi thanki. Wakuba waulemu chonchi anali asanamuonepo.

Nazaleyo inali m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa, ndipo mbande zake ankagawira anthu oyandikana nayo kuti asiye kudula mitengo ya m'kati. Lolemba zinasowa khumi, Lachitatu makumi awiri. Anthu anayamba kunong'ona kuti mayiyo akugulitsa yekha, kodi mwamuna wake, malemu uja, sanali katswiri wocheka matabwa mozemba? Bwana wa nkhalango anamuuza mosapita m'mbali kuti zikasowanso, ntchito yatha. Mayiyo anali ndi ana atatu.

Usiku wotsatira anabisala kuseri kwa thanki ndi mlamu wake. Geti silinalire, galu sanauwe. Patapita nthawi anamva khasu likugunda m'nkhalango, kawiri n'kupuma, kawiri n'kupuma, kenako kachifuwa kouma.

"Alamu," ananong'ona mlamuyo, "chifuwa chimenecho mukuchidziwa."

Ankachidziwadi. Anagona nacho chipinda chimodzi zaka khumi, mpaka utuchi unamaliza mapapo a mwamuna wake. Anachita mantha, komanso mtima unamuwawa.

Kutacha analowa m'nkhalango, n'kupeza mbande zonse zitabzalidwa ndi kuthiriridwa, iliyonse pambali pa chitsa. Chitsa chilichonse chinali ndi mabala atatu a nkhwangwa m'tsinde, chizindikiro chimene mwamuna wake ankaika kuti anzake asakhudze mtengo wake. Zitsa za anthu ena wobzalayo anazidumpha. Mayiyo anawerenga zitsa za mabala atatu zotsala, zinali khumi ndi zinayi.

Kwa bwana sanapite, akanayambira pati? Madzulo anatenga mbande zake za kuseri kwa nyumba, zimene ankalera m'zitini, n'kuzindandalika pakhonde. Anayang'ana kunkhalango n'kulankhula motsitsa.

"Bambo a ana, tengani izi. Za kuntchito zisiyeni. Akandichotsa, ana anu adya chiyani?"

Anakhoma chitseko, n'kutsamiritsapo tebulo.

M'mawa mlamu wake anabwera kudzanena kuti kunazale sikunasowe ngakhale imodzi. Anamupeza mayiyo atakhala pabedi. Tebulo linali likadali pachitseko mpaka ana analisuntha. Zitini khumi ndi zinayi zinali kumiyendo kwa bedi, zokutumula dothi, zosanjidwa bwinobwino.